Mkuwo Wanga Unafika pa Nambala Wani

Woyamba kundiuza anali Nabanda, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono kuno ku Misuku, mayi wa ku Dedza amene boma linamuponya kumapiri kuno iye n'kukukonda. Anandipeza m'munda ndikuthyola khofi. Anafika ali wefuwefu, nsapato zake zoyera zija zitafiira ndi dothi.

"Monire amama," anatero. Chitumbuka chake chinkathera pomwepo, pa monire ndi yewo. "Nalungwe, mwamveka pa wailesi!"

"Ine? Ndalakwanji?"

Musaseke, ana inu. Masiku a chipani chimodzi aja, munthu ukamva kuti watchulidwa pa wailesi unkayamba wagwira pachifuwa kuona ngati khadi la chipani lilipo.

"Simunalakwe kanthu. Nyimbo ya mwana wanu ija yalowa m'gulu la nyimbo khumi zokondedwa m'dziko muno. Ili pa nambala naini, ndipo mawu anu ali momwemo, mbee!"

Ndinakhala pansi, dengu la khofi n'kutayika.

Ndikulemba izi m'Chichewa chifukwa inu a ku Lilongwe Chisukwa chimakulumani lilime. Chichewa changa n'cha Sitandade faifi ndi cha pa wailesi, mukapeza pokhota muwongole nokha. Chandilembetsa ndi iwe Tusekile. Ndamva kuti unapeza chithunzi cha bambo ako atavala chipewa chachikulu ngati lichero, gitala pachifuwa, ndipo unaseka mpaka kugwa pampando. Seka ndithu, koma udziwe kuti bambo adazi amene amakuletsani phokoso m'nyumbamo anavinitsapo dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka kuno. Ndipo sanavinitse okha. Anavinitsa ndi ine.

Ndiyambe ndi mkuwo. Inu mukafuna munthu mumatokosa foni. Ife tinalibe. Kuno nyumba ya mnzako umaiona ili apo, tsidya la chigwa, mpaka nkhuku zake ukuziwerenga, koma kuti ukafikeko uyenera kutsetsereka, kuwoloka mtsinje, n'kukweranso mpaka mawondo atakutukwana. Ndiye mayi aliyense anali ndi mkuwo wake woitanira ana. Wanga unkayambira pachifuwa, n'kuthyoka pakhosi, n'kukwera m'mwamba ngati mbalame yodzidzimuka: Luseee-ke-looo-hiii! Phiri la Mughese linkaubweza kawiri. Anzanga ankati ndikakuwa ine, ngakhale anyani a m'nkhalango amasiya kudya. Ndipo lamulo la kwathu linali lakuti mwana akamva mkuwo wa mayi ake ayankhe ndi kubwera, ndipo amene wamuitanitsa asamubweze asanadye. Mlandu umadza pambuyo, m'mimba muli kanthu. Lamulo limeneli mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku.

Bambo anu, Lusekelo, anali mbusa wa ng'ombe zathu. Chimene chinamuwononga ndi wailesi imene mlongo wanga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. M'menemo munkatuluka nyimbo za kantule, zija za azungu a zipewa zazikulu, oimba ngati afedwa pamene wawathawa ndi mkazi chabe. Mwanayo anamva kuti oimbawo ndi abusa a ng'ombe, basi mutu unazungulira. "Amama, ndiye kuti ndi anzanga!" Anatenga chigubu cha mafuta ophikira, mtengo, ndi mawaya a mabuleki a njinga ya bambo ake, n'kupanga gitala. Agogo anu aamuna, a Simbeye, anazindikira za mabulekiwo ali pakati pa mtsetse wa ku sukulu. Anakaima m'nthochi za eni ake. Mulungu ndi wabwino, nthochi n'zofewa.

Atakula anasonkhanitsa anzake atatu, n'kudzitcha Makauboyi a Mughese. Kavalo analibe ngakhale mmodzi. Zipewa anawalukira nkhalamba ina ya ku Kaseye, iwo n'kuzipaka polishi wa nsapato, moti mvula ikagwa nkhope zinkayenda mizere. Gitala yeniyeni anaigula ku Tunduma, kutsidya kwa malire, atagulitsa nyemba, ndipo anabwerako akuti "asante" ndi "pole" kwa aliyense ngati wabadwira konko. Ankaimba m'Chichewa, poti pa wailesi zilankhulo zathu za kuno sizinkaloledwa, ndipo iwo mtima unali pa wailesi basi.

A Simbeye anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pagulu. Ankati gitala ndi khasu la Satana. Ine ndinali wa m'gulu la amayi a mpingo, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo yunifolomu imeneyo ndinkaikonda kuposa chovala chilichonse chimene ndinavalapo. Ndinkangopemphera kuti Ambuye, mwanayu mawu munamupatsa ndinu, ndiye muone nokha pothera pake.

Chaka china nthawi yachisanu kunabwera galimoto ya anthu a wailesi. Ankayenda m'maboma kujambula nyimbo za amayi zotamanda boma ndi magule a makolo. Anaimika makina awo pasukulu, tsidya la chigwa. Atatha zawozo, tepi inatsalako pang'ono, ndipo anyamata aja anachonderera mpaka analoledwa kuimba nyimbo imodzi. Inali ya mnyamata wolira chibwenzi chake:

Unakwera basi ya ku Karonga, Esinati,
ine n'kutsala ndi fumbi m'maso.
Ndikupempha mvula igwe pamsewu,
basi ititimire, ubwerere wapansi.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ng'ombe zathu zili m'munda wa nyemba wa a Kayuni, mkulu wina wa mpingo, zikudya ngati zaitanidwa ku ukwati, mbusa wake kulibe. Ndinakwera pachulu n'kukuwa ndi mkwiyo wonse: Luseee-ke-looo-hiii! Ndinakuwa katatu. Mkuwo unawoloka chigwa n'kukalowa m'makina muja, pamalo penipeni pamene woimba amapumira. Mwanayo akuti anafuna kusiya kuti ayambirenso, koma mkulu wa makinawo anamukodola kuti pitiriza. Pambuyo pake anati, "Azungu aja amalipira munthu kuti azithyola mawu chonchi. Inu mwapeza waulere. Tepi yathanso, sitibwereza."

Madzulo ake kunyumba kunali moto. A Kayuni anabwera ndi mitengo ya nyemba yopanda masamba m'manja. A Simbeye anachita manyazi aakulu, mkulu wa mpingo kudzudzulidwa ndi mkulu mnzake. Anauza mwanayo kuti asankhe, gitala kapena pakhomo. Mwanayo anayang'ana pansi, n'kunyamula gitala.

"Pita," anatero a Simbeye. "Ine sindidzakuitana. Ndipo iwe Nalungwe, ndisadzamve ukumukuwira. Tsiku limene bwalo la akulu a mpingo lidzamuitane lokha, ndiye adzaponde pano."

Ankanena monyoza, poti bwalo la akulu lingaitanirenji woimba gitala? Koma munthu ameneyo mawu ake sankawabweza, ngakhale atawalankhula atapsa mtima. Ine mawuwo ndinawatola n'kuwasunga, monga timasungira mbewu kudenga.

Khofi anapsa n'kuthyoledwa, anapsanso n'kuthyoledwa, mwana osaoneka. Apa sindiseka, ana inu. Madzulo ng'ombe zikamabwera ndinkaona pakhosi pakundiyabwa, mkuwo ukufuna kutuluka, ine n'kuumeza. Ndinkaphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija zimene inu mumati n'zolemera m'mimba, n'kupeza ndapakula mbale imodzi yoonjezera. Ndinkangomva mphekesera kuti ali ku Karonga, kenaka ku Mzuzu, kenaka kuti akuimba m'maesiteti a fodya ku Kasungu kumene anthu a kwathu kuno ankalira akamva za basi ija. M'pamene Nabanda anandipeza m'munda muja.

Tsono pologalamu ya nyimbo khumi ija inkamveka Loweruka masana. Anthu ankatumiza makadi ku wailesi kutchula nyimbo imene aikonda, ndipo yotchulidwa kwambiri inkakwera. Kunyumba kwathu wailesi inali yomvera nkhani ndi mapemphero basi, ikatha a Simbeye ankachotsa mabatire n'kuwaika m'thumba la jekete. Ndiye ine ndinayamba kudwala. Matenda anga ankabwera Loweruka lokhalokha, dzuwa likangopendeka.

"Matenda anjiwa odziwa kalendala?" anafunsa a Simbeye.

"A azimayi, adada," ndinatero. Mwamuna wa nthawi imeneyo ukamuuza choncho sankafunsanso.

Kunyumba kwa Nabanda tinkatseka chitseko, iye n'kundipatsa tiyi wa mkaka ndi chigumu. Tsiku loyamba kudzimva ndinabisa nkhope m'chitenje. Mawu a mwana wanga anali okoma ngati uchi wa m'nkhalango, ndiye pakati pake n'kutulukira ine, mayi wolusa wofuna ng'ombe zichoke m'nyemba. Woulutsa uja anati, "Imvani kulira kwa chikondi kochokera kumapiri a Chitipa!" Chikondi chanji, ine ndinkafuna kumukoka khutu!

Inachoka pa naini kupita pa sikisi. Sabata ina inatsika pa seveni, ndipo Nabanda anazimitsa wailesi n'kunena kuti kuli kaduka ku Blantyre. Anayenda yekha kwa alonda a nkhalango ya Mughese, kwa aphunzitsi, mpaka kwa odwala ake omwe, kuwauza kuti atumize makadi. Ndikukhulupirira kuti ena anabayidwa jakisoni mofatsa chifukwa cholonjeza. Inakwera pa folo, n'kukhala nthawi yaitali pa thuu, kumbuyo kwa gulu lina la kumwera la akodiyoni. Ndinaipempherera, inde, ndikuvomera. Ndinati Ambuye, mukudziwa kuti si nyimbo ya m'buku, koma mwanayo ndi wanu. Loweruka limene inafika pa nambala wani, namwino wa boma anavina ndi mpando, ine n'kululutira chapansipansi m'pilo kuti odwala asamve.

Kuyambira pamenepo Makauboyi anali anthu. Ankaimba m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, atavala zipewa zogula kusitolo. Kulikonse ankayamba ndi nyimbo yotamanda boma, poti popanda imeneyo magetsi ankatha kuzima okha. Tsitsi lalitali linali loletsedwa kwa amuna, iwo n'kumalibisa m'zipewa, mpaka achinyamata a chipani anawavula pamsewu wina n'kuwameta ndi sizasi yobuntha, mutu uliwonse ngati munda wolimidwa ndi mlendo. Mwina dazi la bambo anu linayambira pomwepo. Akuluakulu oyesa nyimbo anawaitanitsanso kufunsa kuti mayi akukuwayo akuti chiyani, kodi si uthenga wachinsinsi wopita kwa oukira ali kunja? Lusekelo anati, "Bwana, akuti ng'ombe zalowa m'nyemba." Anamuuza kuti azipita. Anatulutsanso nyimbo zina, ya njinga yopanda mabuleki inafika pa fili, ya mvula ya ku Chisenga pa faifi, koma pa wani sanabwererepo. Ankayesa kukuwa yekha, n'kumveka ngati tambala wa chimfine.

Koma kutchuka kuli ndi mchira wake. Nyimbo ija inalowa m'mabala, ndipo aliyense ku Misuku ankaudziwa mkuwo wa Nalungwe. A Kayuni, amene nyemba zija zinali zisanawachoke pamtima, anakasuma kubwalo la akulu kuti mayi wa yunifolomu akuimba nyimbo zachikunja zovinidwa ndi oledzera. Anandiitana kuti ndikaonekere Loweruka. Ndikapezeka wolakwa, ndiye kuti andiimitsa Mgonero ndi kundivula yunifolomu. Ndinaichapa, ndinaisita ndi simbi yamakala, misozi ikugwera pabulauzi n'kumauma yokha.

Lachinayi lake Nabanda anabwera ngati wodzagula mazira. Anandinong'oneza kuti, "Makauboyi abwera kudzaimba pa msonkhano wa chipani ku boma. Mwana wanu wazemba, ali kwanga. Akuti angoona denga la kwawo ali patali, abwerere."

Ndinaleka kulira pomwepo. Ndinati, "Nabanda, Loweruka umukhazike pamwala uja wa kuseri kwa chipatala, woyang'anana ndi tchalitchi. Asachokepo ngakhale mvula igwe."

"Mukufuna kutani, amama?"

"Ine? Palibe. Ndine mayi womvera."

M'chipinda cha akulu munali abusa, a Kayuni, akulu ena, ndi a Simbeye atakhala pakona nkhope ili gwa. Titapemphera, a Kayuni anaimirira.

"Amama Nalungwe, kodi mawu ali m'nyimbo ija ndi anu?"

"Nyimbo iti, adada? Kwathu wailesi ilibe mabatire."

"Musatipusitse. Ija ya Esinati."

"Esinati wa kwa ndani? Imati bwanji?"

A Kayuni anayang'ana abusa, abusa n'kuyang'ana kudenga. Munthu wamkulu anakonza pakhosi n'kuyamba kuimba, poyamba monyinyirika, kenaka mokoma ndithu, mutu ukupendekera kumbali. Ndinaona phazi la abusa likugunda pansi pa tebulo. A Kayuni anafika pakuti, "Ndikupempha mvula igwe pamsewu, basi igubuduke..."

"Ititimire," anatero mawu ochokera pakona.

Tonse tinatembenuka. Anali a Simbeye.

"Basi ititimire, ubwerere wapansi," anatero, maso ali pansi. "Mwana wanga sangapemphere ngozi."

Ine m'mtima ndinati, ohoo, ndiye mabatire aja m'thumba la jekete ankapita nawo kumunda wa khofi pamodzi ndi wailesi, ine ndikudwala kwa Nabanda! Mkazi wanzeru saseka mwamuna wake pabwalo, amadikira afike kunyumba.

A Kayuni anapitiriza mpaka pa mkuwo, n'kuyesa kuukweza. Zinatuluka ngati mbuzi yokodwa m'chingwe.

"Amenewo si mawu anga," ndinatero. "Ndipo ine, abusa, sindinaimbepo nyimbo ya kantule chibadwire. Ndinaitana mwana chifukwa ng'ombe zinali m'nyemba za adada awa. Ndinkapulumutsa munda wawo. Kodi kuitana mwana ndi tchimo?"

Apa akulu anagawikana. Ena ankati chilichonse chokhala m'nyimbo ndi nyimbo. Ena ankati nanga tambala akanalira pamenepo, tikanamudula mumpingo? Anakangana mpaka abusa anakweza dzanja.

"Kuti tiweruze bwino, timve tokha. Amama, takuwani monga munakuwira tsiku lija, tione ngati kuli kuimba kapena kuitana."

"Pepani abusa, sindingathe. Amuna anga anandiletsa."

"Bwalo likukulamulani."

"Bwalo lonse?" Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. "A Kayuni, inunso?"

"Inenso! Kuwani timve!"

"Nanga adada a kunyumba?"

A Simbeye anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu uja sanali wopusa. Ndikuganiza kuti anaona msampha wonse, chingwe ndi nyambo yomwe. Ndipo anati, "Bwalo lanena."

Tinatuluka panja. Nkhungu inali itangoyamba kutsika ku Mughese. Ndinaima pamwamba pa masitepe a tchalitchi, nditavala zoyera zanga, n'kukoka mpweya. Ndinkaopa kuti pakhosi pachita dzimbiri. Koma unatuluka wonse, wa zaka zonse zimene ndinaumeza: Luseee-ke-looo-hiii!

Phiri linabweza kawiri. Kenaka, kuchokera tsidya lija, kunamveka mawu ena amene sanali a phiri.

"Amamaaa! Ndikubweraaa!"

Tinaona kachipewa kakakulu kakutsetsereka m'nthochi, kakugwa, kakudzuka, kumbuyo kwake kadontho koyera ka Nabanda kakuyesa kutsatira. Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Akulu," anatero, "nyimbo siyankhidwa. Uku n'kuitana. Mlandu watha."

A Kayuni anati, "Koma mnyamatayu bambo ake anamuthamangitsa!"

"Zoona," ndinatero. "Anati adzabwera tsiku limene bwalo la akulu lidzamuitane. Ine ndinakana, nonse mwamva. Mwamuitana ndinu, adada, ine ndangobwereketsa pakhosi. Ndipo mwambo mukuudziwa, woitanitsa mwana samubweza ndi njala. Kaya mukaphika kwanu?"

Abusa anaseka mpaka kukhala pamasitepe. Lusekelo anafika thukuta lili kamukamu, mawondo ali matope, n'kugwada patsogolo pa bambo ake, chipewa m'manja. A Simbeye anayang'ana mutu wometedwa mokhota uja. Ndinadikira mawu aakulu a m'Baibulo. Iwo anangoti, "Ya njinga ija unanama. Sindinalire m'nthochi muja."

"Munalira, adada."

"Tiye kunyumba. Amayi ako amapakula mbale yako tsiku lililonse, ndatopa kudya kawiri."

Mawa lake ndinadya Mgonero nditavala yunifolomu yanga, mwana wanga atakhala kumbuyo, a Kayuni akuyambitsa nyimbo ndi mawu okoma omwe aja anaimbira Esinati. Nyengo ya nyemba itafika, Makauboyi onse anayi anakawalimira a Kayuni munda wonse, zipewa kumutu, ndipo anakhala mabwenzi mpaka imfa yawo.

Gululo linaimba zaka zingapo n'kutha monga amathera magulu: wina anakwatira mkazi wosafuna zoyendayenda, wina analowa ntchito ya m'nkhalango, bambo anu n'kupeza amayi anu ndi sitolo ya zitsulo. A Simbeye anagona, Nabanda anabwerera kwawo ku Dedza ndipo naye anagona. Ndikuthokoza Chiuta amene anandipatsa anthu amenewa, ndi pakhosi pomwe.

Tsono ana inu, pempho langa ndi ili. Mutikumbukire m'mapemphero, ife a kwa Simbeye okhala kuno kumapiri, amoyo ndi ogona, ndipo mukumbukirenso ana a Nabanda kulikonse kumene ali. Bambo anu musawaseke kwambiri, dazi lija analivutikira. Ndipo khofi akamapsa chaka chino mubwere, mbale zanu ndikumapakula. Mukachedwa ndikwera pachulu. Musaganize kuti Lilongwe ili kutali, mkuwo uwu unafikapo ku Nsanje.